Cisankho ca 1961 mu Blantyre ndi Limbe

M'masiku a ulamuliro wa Angerezi, malamulo a dziko la Nyasaland anali kupangidwa ku Zomba, m'Bungwe Lopanga Malamulo. Kwa zaka zambiri eni dziko analibe mau m'bungwemo. M'caka ca 1956 analowamo asanu ocita kusankhidwa, koma owasankhawo anali makhonsolo a zigawo, osati anthu wamba ai.

Pa nthawi imeneyo mtima wa anthu unali wowawa cifukwa ca Citaganya, cimene cinalumikiza Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia m'caka ca 1953. Dr. H. Kamuzu Banda anatsikira pa Chileka pa 6 July, 1958, kudzalimbana naco. Pa 3 March, 1959, anamgwira ku nyumba yace ku Limbe, nakamtsekera ku Gwelo. Atatuluka m'ndende m'caka ca 1960, anapita ku msonkhano ku London, ndipo kumeneko anapangana za cisankho catsopano.

Mipando yosankhira inali 28, ndipo oponya voti anawagawa m'makaundula awiri. Kaundula wapamwamba anali wa anthu a cuma ndi maphunziro, makamaka Azungu ndi Amwenye. Iwo anali oposa pang'ono 4,000, ndipo anapatsidwa mipando 8. Kaundula wapansi anali ndi anthu oposa 100,000, ndi mipando 20. Njira imodzi yolowera m'kaundula ameneyu inali yakuti munthu adziwe kulemba ndi kuwerenga, ndiponso akhale atakhoma msonkho zaka khumi. Motero anthu ambirimbiri, makamaka akazi, anatsala kunja.

Tsiku loponya voti linali 15 August, 1961. Cipani ca Malawi Congress, ca cizindikiro ca tambala wakuda, cinatenga mipando yonse 20 ya kaundula wapansi, ndi iwiri ya wapamwamba. Cipani ca United Federal, cokonda Citaganya, cimene mtsogoleri wace anali Michael Blackwood, loya wa mu Blantyre, cinapeza isanu yokha. Pa isanuyo panali wa Blantyre ndi wa Limbe, kumene kunali masitolo ndi maofesi a makampani.

Koma ku Soche kunacitika zina. Mpando wa kaundula wapamwamba kumeneko unapita kwa Colin Cameron, loya wocokera ku Scotland, amene anaima payekha mothandizidwa ndi Malawi Congress. Iye anali Mzungu wokana Citaganya, ndipo pambuyo pace anakhala nduna yoona za nchito ndi mtengatenga. Ici cinasonyeza kuti mkangano sunali wa khungu lokha.

Ngakhale oponya voti anali owerengeka, mau ao analemera. Boma la Angerezi silikanathanso kunena kuti okana Citaganya ndiwo ocepa. Dr. Banda anakhala Nduna Yaikulu pa 1 February, 1963. Citaganya cinatha pa 31 December caka comweco. Ndipo pa 6 July, 1964, dziko linalandira ufulu, nilichedwa Malawi.

Komabe pali cina coyenera kucikumbukira. M'caka ca 1964 munthu wamkulu ali yense analoledwa kulembetsa, koma onse oimira Malawi Congress analowa popanda wopikisana nao, ndipo m'caka ca 1966 zipani zina zinaletsedwa. Anthu a ku Ndirande, Soche ndi Limbe anadikira kufikira pa 17 May, 1994, kuti asankhenso pakati pa zipani zosiyana.