Mlaliki Akalowa Ndale, Manyuzi Amayamba Aona Khungu Lake

M'chaka cha 2008, pamene Barack Obama ankafuna mpando wa pulezidenti wa America, ma TV a kumeneko anakhala masabata akuonetsa tizidutswa ta ulaliki wa m'busa wake, Jeremiah Wright, wodzudzula dziko lawo pa nkhani ya tsankho. Mpaka Obama anatuluka mumpingo wake wa Trinity ku Chicago. Mnzake wopikisana naye, John McCain, anali atalandira ndi manja awiri chithandizo cha m'busa wachizungu John Hagee, yemwe ankanyoza Akatolika nanenanso kuti namondwe wa Katrina chinali chilango cha Mulungu. N'zoona kuti Hagee sanali m'busa wa McCain wa Lamulungu ndi Lamulungu, komabe phokoso lake linachedwa ndipo linali lochepa.

Muyeso wapawiri woterewu kuno kwathu ndi wakale.

Ansembe a White Fathers atamanga misasa ku Mua mu 1902, m'munsi mwa mapiri a Dedza, John Chilembwe anali atatha kale zaka ziwiri akutsogolera mishoni yakeyake ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Onsewa ankalalikira Khristu, ankamanga masukulu. Kusiyana kwake kunali kwakuti ku Mua pamwamba panali mzungu, pamene ku Mbombwe munthu wakuda ankadzilamulira yekha. Kumapeto kwa 1914 Chilembwe analembera nyuzipepala ya atsamunda ya Nyasaland Times, kufunsa chifukwa chimene amphawi a dziko lino ankafera pankhondo ya azungu, n'kusiya amasiye opanda chowathandiza. Boma linatsekereza kalatayo. Pa 23 January 1915 nkhondo ya Chilembwe inabuka, ndipo ku Ntcheu Filipo Chinyama anayesa kudzutsa anthu ake. Pofika pa 3 February Chilembwe anali atawomberedwa.

Magazi anakhetsedwadi, a William Jervis Livingstone, mzungu woyang'anira esiteti ya ku Magomero, ndi a ena. Koma taonani zimene bungwe lofufuza la boma linapeza mu 1916. Za thangata ndi nkhanza za m'maesiteti linazitchula, komabe chala chachikulu linaloza pa mipingo yosiyira anthu akuda guwa ndi sukulu popanda mzungu wowayang'anira. Mishoni za Akatolika ndi Aangilikani zinaoneka zabwino pamaso pa boma chifukwa kumeneko chingwe chinali m'manja mwa azungu. Joseph Booth, mzungu amene anaphunzitsa Chilembwe kuti Africa ndi ya Aafrica, anangothamangitsidwa ku Basutoland kubwerera ku England. Elliot Kamwana, mlaliki wakuda amene sanagwire mfuti, anakakhala ku ukapolo pa zilumba za Mauritius ndi Seychelles mpaka 1937.

Ufulu utayandikira, mpeni unatembenuka. Mu October 1960 Chester Katsonga atayambitsa chipani cha Christian Democratic, nyuzipepala ya Kongeresi ya Malawi News inati mwini chipanicho ndi Arkiepiskopi Theunissen wa ku Blantyre, Mdatchi, ndipo inazitcha utsamunda wa ku Vatican. Nyumba ya Katsonga inatenthedwa. Apa n'kuti dayosizi ya Dedza ili kale m'manja mwa Cornelio Chitsulo, mwana wa kudera la Mua, wansembe woyamba ndiponso episkopi woyamba wachimalawi. Zimenezo nyuzipepalayo sinaziwerengere.

Chimene chimandiwawa kwambiri ine ndi cha 1992. Lamulungu la pa 8 March, Akatolika a ku Mua, Mtakataka ndi Golomoti, monga anzawo m'dziko lonse, anamvera kalata ya maepiskopi ya nyengo ya Lenti. Inanena za malipiro osakwanira, zipatala zopanda mankhwala, anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Mlimi wa thonje ndi msodzi wa m'mbali mwa nyanja sanafune womasulira. Zinali zimene ankanong'onezana usiku. Patangopita masiku awiri maepiskopi anali pa polisi ya Kanjedza, kalatayo inaletsedwa, Malawi News inalemba kuti asachitiridwe chifundo, ndipo pambuyo pake makina osindikizira a Montfort ku Balaka anayatsidwa moto.

Pa kalatayo panali dzina la James Chiona, panali la Gervazio Chisendera wa ku Dedza, ndi a Amalawi ena. Koma boma ndi manyuzi ake anasankha John Roche wa ku Ireland, amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu, kuti ndiye mwini nkhani, ndipo mu April anamupirikitsa m'dziko. Kunena kwake kunali kwakuti maepiskopi akuda sakanatha kuona okha mavuto a nkhosa zawo, pokhapokha mzungu atawatuma. Atsamunda a 1916 akanavomera ndi mutu. Roche atachoka, Chiona ndi anzake sanabweze ngakhale liwu limodzi, ndipo pa 14 June 1993 Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri.