Mfuti zakale za ku Edingeni: gogodela, Greener ndi za bolt action

Chifefe cha bolt action ndi mfuti ya mpope wosalala m'kati, yolavula timipira tambirimbiri ta mtovu pa kuwomba kumodzi, imene imatsekulidwa ndi chitsulo choyenda ngati mpiringidzo wa chitseko. Mlenje amatukula kachigwiriro, n'kukokera m'mbuyo, khoko la chipolopolo chowomba kale n'kudumphira kunja. Akakankhira kutsogolo ndi kutsitsa kachigwiriroko, chipolopolo china chimakhala chalowa. Zambiri mwa mfutizi zinapangidwa ku America kuyambira m'zaka za m'ma 1930 mpaka m'ma 1970, ndi makampani monga Mossberg, Stevens ndi Marlin. Zinali zotsika mtengo, zolowa zipolopolo ziwiri kapena zitatu, zogula alimi ndi anyamata ongoyamba kumene ulenje.

Ku Edingeni, kwawo kwa Inkosi ya Makosi M'mbelwa, ndi m'midzi ina ya kummwera kwa Mzimba, mfuti ya mtundu umenewu si yofala. Akuluakulu akamakamba za mfuti zakale amatchula zitatu: gogodela, Greener ndi 303. Zonsezi ndi abale a chifefe cha bolt action, ndipo mbiri yake imazungulira pa funso limodzi limene olamulira akhala akulifunsa kuyambira kale: ndani aloledwe kugwira mfuti, nanga ikhale yamphamvu bwanji?

Dziko la mkondo

Angoni sanafike kuno ndi mfuti. Pamene Zwangendaba ankawoloka Zambezi mu November 1835, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa, ankhondo ake anali ndi mkondo waufupi wobayira pafupi ndi chishango cha chikopa cha ng'ombe, zida zimene amuna amanyamulabe povina ingoma pa mwambo wa Umthetho ku phiri la Hora. Mfuti zinali kwa anansi awo. Mwase wa ku Kasungu ankazipeza posinthanitsa ndi minyanga ya njovu kudzera kwa Jumbe wa ku Nkhotakota, ndipo anali mmodzi mwa mafumu ochepa amene ankhondo a M'mbelwa anawalephera.

Kenaka kunabwera mfuti zoposa za Mwase. Mu 1896 asilikali a boma la Britain anapha Gomani Chikuse, ndipo mu January 1898 anagonjetsa Angoni a Mpezeni ndi mfuti zachiwaya za Maxim. Kumpoto kunayenda mwina. Pa 2 September 1904, Alfred Sharpe, amene asanalowe m'boma anali mlenje wa njovu, anakumana ndi mafumu a Angoni ku Ekwendeni, ndipo dziko la M'mbelwa linalowa mu ulamuliro wa Britain popanda nkhondo.

Pofika nthawi imeneyo, lamulo la mfuti linali litalembedwa kale kutali. Pangano la ku Brussels la 1890 linaletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu a m'chigawo chachikulu cha Africa, n'kungosiya khomo la mfuti zakale zothira wonga kukamwa. Ndiye chifukwa chake gogodela anakhalitsa m'midzi pamene kwina anali ataiwalika.

Gogodela

Gogodela amadyera kukamwa. Mwini wake amathira wonga mu mpope, n'kutsindira ndi kandodo, n'kuikamo zowombera, ndipo akawomba kamodzi amayambiranso ntchito yonseyo utsi uli tolo. Nguluwe yovulala siyembekeza zimenezo. Agogodela akale ochokera kunja anatha ndi dzimbiri, koma ena osulidwa m'midzi akupezekabe, makamaka kwa opha nyama mozemba ku Kasungu National Park ndi ku Vwaza Marsh, nkhalango ziwiri zimene zili kummwera ndi kumpoto kwa dera lino. Mpope wake sunayesedwepo ndi aliyense, ndipo ukaphulika umayamba ndi zala ndi maso a woigwirayo.

Greener, mfuti yopangidwa mokayikira woigwira

Dzina la Greener limamveka kawirikawiri apolisi a m'Malawi akamalengeza mfuti zimene alanda, ndipo alonda a m'maesiteti ndi m'masitolo akhala akuinyamula kwa zaka zambiri. Ndi chifefe cholowa chipolopolo chimodzi, cha kampani ya W. W. Greener ya ku Birmingham. Si ya bolt action. Ili ndi chigwiriro kunsi, ndipo ukachitsitsa, chitsulo chotseka mpope chimawerama, khomo la chipolopolo n'kuonekera. Kapangidwe kameneka anakatengera ku mfuti ya Martini-Henry, imene asilikali a Britain anamenyera Azulu mu 1879.

Mbiri yake ndi yophunzitsa zambiri. Greener wa apolisi anayamba kupangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, ndipo ambiri anapita ku Egypt. Akuluakulu a boma ankafuna mfuti yoti mlonda aopsezere anthu, koma yoti ikabedwa isagwire ntchito. Choncho anaipangira chipolopolo cha saizi yachilendo, 14, chosapezeka m'sitolo. Anthu sanachedwe kupeza nzeru: ankakulunga pepala pa chipolopolo chocheperapo mpaka chikwane. Pamenepo kampaniyo inatulutsa Mark III, ya chipolopolo cha khosi lopanikiza ndi kamzere kozungulira kumatako kwake, ndipo msomali wowombera unali wa mano atatu. Mano awiri a m'mbali amayenera kulowa m'kamzereko kuti la pakati lifike pomwe pamayaka moto. Chipolopolo wamba chikalowa, mfuti imangoti chete.

Panalinso Greener GP wogulitsa kwa alenje ndi alimi, wodya chipolopolo wamba cha saizi 12. Amene wapeza Greener m'katundu wa malemu ayenera kudziwa kuti mitundu iwiriyi imafanana kunja koma m'kati ndi yosiyana.

303 ndi ana ake

Mfuti ya bolt action imene Amalawi amaidziwa bwino ndi Lee-Enfield, yotchuka ndi dzina loti 303. Imeneyi si chifefe. Mpope wake uli ndi mizere yopota m'kati, imalowa zipolopolo 10, ndipo imapha patali. Ndiyo inali m'manja mwa asilikali a King's African Rifles, gulu lokhazikitsidwa mu 1902, limene mabataliyoni ake a Nyasaland anali ndi likulu ku Zomba. Nkhondo zimene inamenya sizinasiye Mzimba pambali: mu 1915 Inkosi Chimtunga ya Angoni a kuno inachotsedwa pampando n'kutumizidwa ku Chiromo chifukwa chokana kupereka anthu a mtengatenga, ndipo mu 1944 asilikali a Nyasaland anainyamula mpaka ku Burma. Ufulu utabwera, inapitiriza ntchito kupolisi ndi kwa oteteza nyama zakutchire.

Kuchokera mwa 303 ndimo munabadwa chifefe cha bolt action cha m'maiko olamulidwa ndi Britain. Ku fakitale ya Ishapore ku India, kuyambira m'zaka za m'ma 1920, ankatenga Lee-Enfield, n'kufafaniza mizere ya mu mpope, n'kutseka ndi thabwa malo osungira zipolopolo, kuti ikhale ya chipolopolo chimodzi cha saizi .410. Ankaipereka kwa apolisi ndi oyang'anira ndende. Maganizo ake ndi omwe aja a Greener: wapolisi wa m'dziko lolamulidwa aoneke ngati msilikali, koma mphamvu ya msilikali asakhale nayo.

Ku Germany kunachitika zofanana pa chifukwa china. Pangano la ku Versailles la 1919 litachepetsa zida za dzikolo, mfuti zankhondo za Mauser zambirimbiri anazisandutsa zifefe zolowa zipolopolo ziwiri, zodziwika ndi dzina loti Geha. Pokuza mpope anasema mbali ya zitsulo zimene zimagwira bolt kutsogolo, ndipo mutu wa bolt unakhala wochotseka, woti ukhoza kugwa mwini wake osazindikira. Ku America, Marlin anapanga Goose Gun ya mpope wotalika masentimita 91 yowombera atsekwe, ndipo mu 1998 kampani ya Sears inaitanitsa ma bolt a zifefe zina zakale za J. C. Higgins zitadziwika kuti chitsulocho chimatha kuthothoka n'kumenya nkhope ya wowomba.

Kugwiritsa ntchito mfuti yakale

Ntchito ya chifefe m'dera lino ndi ya kumunda. Anyani ndi apusi amathyola chimanga masana, nguluwe zimafukula mtedza ndi chinangwa usiku, ndipo mlimi amene wataya theka la munda sabata imodzi safunika kumufotokozera chifukwa chimene agogo ake ankasungira mfuti. Pa nkhanga ndi nkhwali, chifefe chimagwira bwino mpaka mamita 35 kapena 40. Kupitirira apo timipira timamwazika, mbalame n'kuthawa yovulala.

Saizi 12 imatanthauza mpope wa mamilimita pafupifupi 18.5 m'kamwa mwake, pamene .410 ndi wa mamilimita 10.4. Koma chimene chimavulaza anthu ambiri si kukula kwa kamwa, ndi kutalika kwa chipinda cha chipolopolo. Zifefe zambiri zakale za ku Britain zinapangidwira zipolopolo za mamilimita 65, pamene za masiku ano ndi za 70 kapena 76. Choipa n'chakuti chachitalicho chimalowa bwinobwino, chifukwa muyeso wake ndi wa khoko litatseguka. Chikawombedwa, mlomo wa khoko umasowa potambasukira, mphamvu n'kuchuluka kuposa imene chitsulo chokalamba chingapirire. Manambala ake amadindidwa pa mpope, ndipo ngati afufutika, mfutiyo isawombedwe mpaka katswiri ataiyesa. Timipira ta chitsulo, timene maiko ena akugwiritsa ntchito m'malo mwa mtovu, timawononganso mipope yakale.

Mdani wina ndi kasungidwe. Mfuti yotsomekedwa kudenga la udzu imadya utsi ndi chinyontho cha dzinja, ndipo mavu oumba amakonda kumanga m'kamwa mwa mpope. Kadothi kochepa kameneko n'kokwanira kung'amba chitsulo. Musanawombe, chotsani chipolopolo, tsekulani mfuti, muyang'ane kuwala kuchokera kumbuyo: mpope wabwino umaoneka wowala mpaka kumapeto, wopanda zibowo za dzimbiri, chotupa kapena potifuka. Mtengo wong'aluka pafupi ndi chitsulo, umene ambiri amangomanga ndi waya kapena mphira, ndi chizindikiro chakuti mfutiyo yatha ntchito.

Lamulo

Umwini wa mfuti m'Malawi umayendetsedwa ndi lamulo la Firearms Act la 1967, kudzera kupolisi. Munthu amafunika chilolezo asanapeze mfuti, kenaka chiphaso chimene amachikonzanso chaka ndi chaka. Boma linalimbitsa dzanja pambuyo pa nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992 n'kusiya ma AK-47 ali mbwee, ndi pambuyo pa Operation Bwezani ya December 1993, pamene asilikali analanda zida za a Payoniya. Mu August 2001 maiko a SADC anasainira ku Blantyre pangano loletsa kufala kwa mfuti, nkhani yokhudza kwambiri dera ngati Edingeni, kumene malire a Zambia ali pafupi ndipo njira zachidule zopita ku Lundazi n'zambiri.

Chiphaso cha mfuti si chiphaso cha ulenje. Kusaka kuli ndi chilolezo chakechake cha nthambi yoona za nkhalango ndi nyama zakutchire, ndipo kuyambira 2017 wopha nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu, chipembere ndi ngaka akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30.

Pamene mabanja ambiri amapunthwa ndi pa chuma cha masiye. Ng'ombe zimagawidwa, njinga imapeza mwini, mfuti n'kusiyidwa kwa mwana wamkulu ngati kuti ndi khasu. Koma chiphaso chimalembedwa m'dzina la munthu mmodzi, ndipo iye akamwalira sichisamukira kwa wina. Wolandira mfuti ya malemu ayenera kukaipereka kupolisi, kuti isungidwe kumeneko pamene akufunsira chilolezo m'dzina lake, kapena kuti iwonongedwe ngati banja silikuifuna.