Tsiku Limene Mtsinje wa Puerco Udawotcha Mapazi

Mwezi wa July ukafika pakati, anthu a mtundu wa Navajo okhala m'dera la Red Water Pond Road, m'chigawo cha New Mexico ku America, amalawirira kukapemphera limodzi, kenako n'kuyenda wapansi kulowera kumene kudali fakitale yoyenga miyala ya yureniyamu ya Church Rock. Amatero chaka ndi chaka pokumbukira m'mawa wa pa 16 July 1979, pamene damu la zinyalala za fakitaleyo lidaphulika dzuwa likutuluka. Papita zaka zoposa 45, ndipo mwa amene amayenda nawo ulendowu muli ambiri amene adabadwa ngoziyo itachitika kale.

Miyala ya yureniyamu ikakumbidwa amaipera n'kuithira asidi kuti atulutsemo ufa wachikasu umene amagulitsa. Pa tani imodzi ya miyala amapezapo makilogalamu ochepa chabe a ufawu. Zina zonse zimatsala ngati matope ndi madzi a asidi, ndipo m'matopemo ndi momwe mumatsalira pafupifupi 85 peresenti ya radiyeshoni imene inali m'mwalamo. Muli rediyamu, amene mphamvu yake imatsika ndi theka pakapita zaka 1,600, komanso thoriyamu amene amafuna zaka pafupifupi 75,000 kuti atero. Matope otere ndiwo kampani ya United Nuclear Corporation inkasunga kuseri kwa khoma la dothi.

Khomalo litagumuka, matani 1,100 a matope ndi malita oposa 350 miliyoni a madzi a asidi adathamangira mumtsinje wa Puerco, kudutsa tauni ya Gallup, n'kuyenda makilomita pafupifupi 130 mpaka kulowa m'chigawo cha Arizona. Dera limenelo ndi louma, Puerco amaphwa miyezi yambiri pachaka, ndipo woweta nkhosa akaona madzi mumtsinje sayamba wafunsa kumene achokera. Amene adawoloka tsiku limenelo adapsa mapazi n'kutuluka zilonda. Nkhosa ndi ng'ombe zimene zidamwa madziwo zina zidafa. Uthenga wochenjeza udachedwa, ndipo zikwangwani zoyamba zidalembedwa m'Chingerezi, pakati pa anthu amene ambiri a iwo, makamaka achikulire, ankayankhula Chinavajo chokha.

Chimene chimandiwawa kwambiri m'nkhaniyi n'chakuti ngoziyo idadziwitsa kale kuti ikubwera. Fakitale idatsegulidwa mu 1977, ndipo chaka chomwecho ming'alu idaoneka pakhoma la damu. Nthaka imene adamangapo inali yosalimba, ndipo izi zinkadziwika. Madzi adaloledwa kudzaza kupyola mlingo umene akatswiri adaika. Malamulo analipo, ziphaso zinalipo, oyendera analipo, koma panalibe amene adaimitsa makina. Ngozi itachitika, antchito adatumizidwa ndi mafosholo kukawola matope m'mphepete mwa mtsinje. Madzi akatayika sawoleka, ndipo zimene adatola sizidapitirire gawo limodzi mwa magawo 100 a matopewo. Bwanamkubwa wa New Mexico, Bruce King, adakana pempho la a Navajo loti derali lilengezedwe kuti lagwa m'ngozi yofunika thandizo la boma lalikulu. Pofika November chaka chomwecho fakitale idayambanso kugwira ntchito.

Miyezi yosakwana inayi izi zisanachitike, ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya a Three Mile Island ku Pennsylvania idagwedeza dziko lonse, mpaka Pulezidenti Jimmy Carter adakafika pamalopo. Radiyeshoni imene idatayika ku Church Rock inali yochuluka, koma nkhani yake sidamveke patali. Sindikukayika kuti zidatero chifukwa cha mtundu ndi umphawi wa anthu amene ankamwa madzi a mumtsinje umenewo.

A Navajo anali atazunzika kale ndi yureniyamu damu lisanaphulike. Kuyambira 1944 mpaka 1986, matani pafupifupi 30 miliyoni a miyalayi adakumbidwa m'dziko lawo. Abambo ankalowa m'migodi yopanda mphepo yokwanira, kupuma fumbi ndi mpweya wa radoni umene suoneka komanso sununkha, n'kubwerera kunyumba ndi zovala zafumbi zimene akazi awo ankachapa. Madokotala a boma adayamba kuyeza antchitowa mu 1950, akudziwa zimene radoni idachita kwa anthu a m'migodi ya ku Ulaya, koma sadawauze za kuopsa kwake. Muyezo wolimba wa radoni m'migodi udakhazikika mu 1971, khansa ya m'mapapo itayamba kale kupulula amuna amene ambiri sankasuta n'komwe. Lamulo lowapepesa ndi ndalama lidabwera mu 1990. Mu 2005 a Navajo adaletsa kukumba ndi kuyenga yureniyamu m'dziko lawo, koma migodi yosiyidwa yoposa 500 ikadali komweko.

Miyezo imene maiko ambiri amatsata lero idaphunziridwa pa matupi a anthu ngati amenewa. Wantchito sayenera kulandira radiyeshoni yopyola mamilisiveti 20 pachaka, powerengera zaka zisanu pamodzi, ndipo munthu wamba wokhala pafupi sayenera kupyola milisiveti imodzi. Wantchito amavala kachipangizo kowerengera zimene thupi lake lalandira, amasiya zovala zantchito kumgodi, fumbi limathiridwa madzi, ndipo pansi pa damu amayala chotchinga kuti madzi asalowe m'nthaka. Zonsezi n'zabwino, koma zimateteza munthu pokhapokha pali woyendera amene ali ndi zipangizo zakezake, wosadalira manambala a kampani, komanso amene ali ndi mphamvu yotseka fakitale akaona mng'alu.

Ife Amalawi nkhaniyi siili kutali nafe. Mgodi wa Kayelekera ku Karonga udatsegulidwa ndi kampani ya Paladin mu 2009, pamene lamulo lathu loyang'anira za radiyeshoni lidadza mu 2011, mgodi uli kale pantchito. Udaima mu 2014 mitengo itagwa, ndipo mu 2020 udapita m'manja mwa Lotus Resources. Mtsinje wa Sere umene uli pafupi ndi mgodiwo umathira mu North Rukuru, amene amakathira m'nyanja ya Malawi, ndipo Karonga ndi dera la zivomezi, monga tidaonera mu December 2009. Mayi wotunga madzi kumunsi kwa Kayelekera ayenera kumauzidwa zotsatira za kuyeza madziwo kawirikawiri, m'Chinkhonde ndi m'Chitumbuka, ndipo mfumu ya mudzi uliwonse iyenera kudziwa amene adzaiimbire foni usiku damu likadzachita vuto.

Fakitale ya Church Rock idatsekedwa mu 1982, ndipo chaka chotsatira boma la America lidaika malowo pamndandanda wa malo oipitsidwa kwambiri oyenera kukonzedwa. Mabanja a ku Red Water Pond Road akhala akusamutsidwa kwakanthawi kangapo kuti dothi la pakhomo pawo lichotsedwe. Iwo adapempha kuti mulu wa zinyalala za mgodi wa Northeast Church Rock uchotsedwe m'dera lawo kotheratu. Mu 2023 boma lidavomereza kuti zinyalalazo zikathiridwe pamwamba pa matope akale a fakitale ija, mtunda wosakwana makilomita awiri kuchokera pamene zili.