Kutupa kwa Mkati mwa Diso ku Machinga ndi Balaka: Kuchoka pa Khate Kufika pa HIV

Balaka isanakhale boma payokha mu 1998 inali mbali ya Machinga, ndipo ku Utale kunkasamalidwa odwala khate. Khate limatha kutupitsa mkati mwa diso, nthenda yomwe madokotala amati uveitis, mpaka munthu kuchita khungu.

Pomwe khate linkachepa, cha mu 1994, gwero lina linali litakula. HIV, yomwe idapezeka m'dziko muno mu 1985, idachulukitsa mashingozi akumaso ndi chifuwa chachikulu, zomwenso zimatupitsa diso. Ma ARV aulere adayamba mu 2004.

Gwero limasintha, koma zizindikiro ndi zomwezo: diso lofiira, lopweteka, loopa kuwala, losaona bwino. Wotere mutumizeni msanga kuchipatala, monga cha Zomba, akayezedwenso HIV, TB ndi chindoko.