Zithunzi za M'mapanga ndi Zoumba za Anamkungwi

Alendo olemekezeka amene mwadzera msewu waukulu wochokera ku Lusaka, mutaoloka mlatho wa Luangwa ndi kupyola Kacholola, Nyimba ndi Petauke, mwaona mapiri ndi matanthwe kumanja ndi kumanzere. Ambiri a ife timangowaonera pa zenera la basi. Koma m'mapanga ena a chigawo chino cha Kum'mawa muli zithunzi zimene makolo anajambula ndi zala zawo, ndipo ndafuna kuti tikumbutsane za zimenezo.

Mapanga otchuka ndi Thandwe ndi Katolola kufupi ndi Chipata, Makwe ndi Mkoma ku Katete, ndiponso Kalemba ku Chadiza. David Phillipson anakumba m'mapanga a Makwe, Thandwe ndi Kalemba, nasindikiza zimene anapeza mu 1976. Zithunzizo zili za mitundu iwiri. Zofiira, za mizere ndi zozungulira, ndizo zakale koposa. Akatswiri amati eni ake anali Akafula, alenje aja amene makolo athu anawapeza m'dziko muno. Zoyera, zopakidwa ndi dothi lochindikala, ndi za alimi amene anadza pambuyo, ndiwo makolo athu, ndipo kawirikawiri zakhala pamwamba pa zofiira. Zambiri zimaoneka ngati nyama yoionera kumsana, miyendo ili tambasu, monga chikopa chokhomedwa pansi kuti chiume. Zina zili ndi mawanga.

Azungu ophunzira anatha zaka akufunsana tanthauzo la nyama zimenezi, pamene yankho linali ndi amayi okalamba m'midzi. Raymond Apthorpe, amene anafufuza za Ansenga a ku Petauke, analemba mu 1962 za zithunzi zimene amayi ankapanga polanga anamwali. Pambuyo pake Benjamin Smith ndi Leslie Zubieta anaonetsa kuti nyama zoyerazo n'zofanana ndi zoumba za pa chinamwali cha Achewa: vilengo, zimene anamkungwi amaumba pansi ndi dothi nazikongoletsa ndi mawanga oyera, ofiira ndi akuda, ndiponso chingondo, chimene namwali amavala kumutu. Choumba chilichonse chili ndi nyimbo yake ndi mwambo wake. Mwambowo ndi wa anamkungwi, si wa kabuku kano.

Chimene ndifuna kuti tione ndi ichi: zoumbazo zikatha ntchito yake zimaphwanyidwa. Ntchito ya maola ambiri imabwerera kudothi tsiku lomwelo, kuti maso osayenera angaione. Kasiyamaliro nayenso, akaperekeza mzimu wa malemu, amabwerera kwawo kudzera m'moto. Kachisi wa mizimu, amene abale athu Achinsenga amati kawimba, ndipo mwambo wa Tuwimba wa Mfumu Kalindawalo unatengerapo dzina, ndi kanyumba ka mitengo ndi udzu. Chiswe chikadya, anthu amamanga kena. Zithunzi za m'mapanga zinatsala chifukwa thanthwe siliphwanyika ndi manja.

Ine ndinachedwa kumvetsa zimenezi. Ku sekondale tinaphunzira za manda a mafumu a ku Egypt, za malinga a Great Zimbabwe ndi matchalitchi akuluakulu a ku Ulaya, ndipo ndinayamba kuyesa ulemerero wa mtundu poona zimene unasiya zili chiimire. Boma litanditumiza ku Mbala, ndinalowa m'nyumba ya zakale ya Moto Moto, imene inayamba ndi zinthu zosonkhanitsidwa ndi Bambo Jean-Jacques Corbeil. M'menemo ndinaona mbusa, zoumba zimene Ababemba amalangira anamwali pa chisungu, mwambo umene Audrey Richards anauonerera mu 1931. Ndinachita nsanje. Nditabwerera kumudzi pa tchuthi ndinafunsa azakhali anga, amene anali phungu wa anamwali ambiri, chifukwa chake ife sitinasunge zathu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nandifunsa ngati akazi anga sadziwa mwambo. Ndinati amadziwa. Iwo anati, "Nanga ukuti sitinasunge chiyani?" Ndinalibe poyankha, ngakhale ndinali ndi satifiketi ya Fomu 5 m'sutikesi.

Tisaiwale kuti miyambo imeneyi inapyola m'mavuto. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu 1835 pafupi ndi Zumbo, pamene Luangwa amathira, nakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga. Pambuyo pake Mpezeni anabwerera ndi kukhazikika kufupi ndi Chipata, ndipo midzi yambiri inathawira m'mapiri. Angoni atagonja kwa Angerezi mu 1898, amishoni analowa: a Dutch Reformed ku Magwero mu 1899 ndi ku Nyanje mu 1905, ndipo Akatolika anatsegula Minga mu 1923. Kwa amishoni oyambawo Nyau ndi chinamwali cha makolo zinali zachikunja, ndipo Mkhristu wopezeka kumeneko ankachotsedwa mu mpingo. Mu 1934 boma la atsamunda linaletsa Kulamba. Ku Dedza, m'dziko la Malawi, kuli zithunzi zoyera za zilombo za Gule Wamkulu, ndipo ofufuza amati zinajambulidwa m'nyengo yomweyo ya kubisala, pamene mapanga anasanduka malo ophunzitsira.

Chodabwitsa n'chakuti Akatolika amene ankaletsa zoumba zathu anadza ndi zoumba zawo, zifanizo za Maria ndi oyera mtima, zimene amazisunga ndi kuzipukuta fumbi. Gule anaziona, ndipo posakhalitsa pabwalo panatulukira Maria ndi Simoni wa nkhope yofiira. Kumvana kunadza mochedwa. Mu 1976 Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni pa mishoni ya Mua ku Malawi, kumene amisiri amasema nkhani za m'Baibulo ndi nkhope za Achewa, Angoni ndi Ayao. Akuluakulu ena sakondwa kuona za kudambwe zitapachikidwa m'nyumba yoonetsera alendo, ndipo ine sindiwaimba mlandu.

Kalonga Gawa Undi X anautsanso Kulamba mu 1984. Bungwe la UNESCO linalengeza mu 2005 kuti Gule Wamkulu wa ku Zambia, Malawi ndi Mozambique ndi chuma cha anthu onse a pa dziko, ndipo mu 2006 linatero ndi mapanga 127 a ku Chongoni ku Dedza. Kuno kwathu lamulo la 1989 linaika zithunzi zotere m'manja mwa National Heritage Conservation Commission. Koma lamulo lili ku Lusaka, phanga lili kuthengo. Anyamata oweta ng'ombe amasonkha moto m'munsi mwa thanthwe, ana a sukulu amalembapo maina awo ndi makala, ndipo alendo ena amathirapo madzi kuti chithunzi chituluke bwino pa kamera, osadziwa kuti dothi loyeralo limasukuluka.

Tsono ndipempha mafumu athu a ku Nyimba, a Ndake, a Nyalugwe ndi a Luembe, pamodzi ndi anyakwawa awo, kuti mlenje kapena wofula njuchi akapeza phanga la zithunzi, mbiri ifike ku bungwe lija. Ndipo tsiku lokaliona, asapite amuna okhaokha ndi mabuku awo. Atenge namkungwi wamkulu wa m'mudzimo, ngakhale kukhale komunyamula pa njinga.