MSONKHANO WA MAKOLO POTSEKULIRA SUKULU: KUMENE UDACHOKERA

Chaka cha sukulu chikamayamba, mphunzitsi wamkulu amatumiza uthenga kwa nyakwawa, kumatchalitchi ndi kumizikiti kuti makolo adzasonkhane pasukulu. Tsikulo likafika, mwana mmodzi amamenya chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pamtengo, ndipo anthu amayamba kutulukira m'tinjira. Kumidzi msonkhanowu umachitika dzuwa litapendeka, anthu ataweruka kumunda, kuti aliyense abwerere kwawo kusanade. Achinyamata ambiri amayesa kuti mwambowu udabwera ndi boma. Koma mizu yake ndi yakale kwambiri, ndipo mbiri yake yonse yagona pa funso limodzi: kodi mwini sukulu ndani?

Sukulu isanabwere

Kalekale ana ankaphunzira madzulo. Ntchito za tsiku zikatha, ankasonkhana pamoto kwa agogo kudzamva nthano. Wokamba akati "Padangokhala," onse ankayankha kuti "Tili tonse," ndipo yankholi linali lonjezo lakuti palibe amene akuodzera. Nthano zikatha ankaponyerana zilapi zonolera nzeru. Anyamata ankagona m'mphala, atsikana ankalangizidwa kukuka, ndipo onse akakula ankapita kuchinamwali m'manja mwa anamkungwi.

Maphunziro amenewa sadali a banja limodzi. Munthu wamkulu aliyense anali ndi ufulu wodzudzula mwana wopulupudza, pakuti "mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye." Pakati pa Achewa, Amang'anja ndi Ayao, amene amatsata mtundu wa kuchikazi, mawu otsiriza pa za mwana ankachokera kwa mwinimbumba, ndiye kuti malume wake. Nkhani ikakula inkapita kubwalo la mfumu, kumene aliyense ankalankhula poyera mpaka mudzi utamanga chimodzi.

Amishoni ndi mafumu

Sukulu ya mabuku idafika m'dziko muno ndi amishoni a ku Scotland amene adakhazikika ku Cape Maclear mu 1875, ndipo pakati pawo panali Dr Robert Laws. Mishoniyi idasamukira ku Bandawe mu 1881, kenaka ku Khondowe mu 1894. Mishoni ya Blantyre idayamba mu 1876, ya Angilikani idakhazikika pachilumba cha Likoma mu 1885, ya Dutch Reformed ku Mvera mu 1889, ndipo Akatolika adafika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902. Nayenso John Chilembwe adatsekula Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu mu 1900.

Amishoniwa anali ochepa, midzi inali yambiri. Choncho ankatumiza aphunzitsi achikuda kukatsekula timasukulu ta m'midzi. Mphunzitsi sakadangofika n'kuyamba ntchito: ankayenera kupempha malo kwa mfumu, ndipo mfumu inkaitana anthu ake pabwalo. Apa m'pamene padabadwira msonkhano woyamba wa makolo. Mudzi ukavomera, amuna ankadula mitengo ndi luzi, amayi ankamweta udzu ndi kuzira pansi, mpaka kanyumba ka sukulu ndi nyumba ya mphunzitsi zitaima. Kanyumba komweko kankasanduka tchalitchi Lamulungu. Ana ankayamba kulemba padothi ndi chala asanagwire sileti.

Si midzi yonse imene idavomera. M'zaka za m'ma 1920, m'madera a Dedza ndi Lilongwe mudabuka mkangano waukulu pakati pa amishoni ndi akuluakulu a Nyau, amene ankaona kuti sukulu ikulanda anyamata oyenera kupita kudambwe. Makolo ambiri achisilamu nawonso ankaopa kuti ana awo akabatizidwa. Kumene mudzi udakana, sukulu inkakhala ndi mabenchi opanda ana. Phunziro lidaoneka msanga: sukulu yopanda mudzi kumbuyo kwake ili ngati mphika wa pafuwa limodzi.

Boma lilowererapo

Boma la atsamunda lidachedwa kulowa m'nkhani ya maphunziro. Bungwe la Phelps-Stokes litayendera Nyasaland mu 1924 n'kudzudzula ulesi wa boma, Dipatimenti ya Maphunziro idakhazikitsidwa mu 1926. Mu 1929 adatsekula Jeanes Training Centre ku Domasi. Kumeneko mphunzitsi ankapita pamodzi ndi mkazi wake, ndipo onse awiri ankaphunzira za ukhondo, ulimi ndi kasamalidwe ka banja, kuti akabwerera akakhale chitsanzo m'midzi. Patapita zaka zochepa mafumu nawonso adayamba kuitanidwa kukaphunzira komweko. Cholinga chidali chomangiriza sukulu ndi mudzi pamodzi.

M'masiku amenewo, ndiponso dziko litalandira ufulu mu 1964, tsiku lotsekulira sukulu linali tsiku la fizi. Kholo linkagulitsa nkhuku, mtedza kapena fodya kuti mwana asabwezedwe, ndipo nthawi zambiri amene ankamasula mfundo ya ndalama anali malume, kapena mbale wogwira ntchito ku Joni ndi ku Halale. Ana ambiri analibe makalata osonyeza tsiku lobadwa, motero mphunzitsi ankauza mwana kuti adutsitse dzanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Wolephera ankauzidwa kuti adzabwerenso chaka chamawa. Fizi idatsekereza ana ambirimbiri osauka, makamaka atsikana, ndipo limeneli ndi bala la nthawi imeneyo. Komabe kholo limene lalipira linkafunsa mafunso, chifukwa thukuta lake linali m'kalasimo.

Mu ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda munalinso Sabata ya Achinyamata, pamene ana asukulu ndi anthu a m'midzi ankaumba njerwa, kulambula misewu ndi kumanga makalasi. Zipinda zambiri zidamangidwa motero. Koma ntchitoyi inali ndi chikakamizo, ndipo wokana ankaoneka ngati woukira boma. Anthu ankabwera kumisonkhano, koma si onse amene ankayankhula zakukhosi.

Chaka cha 1994

Boma la a Bakili Muluzi litalowa mu 1994, lidathetsa fizi m'sukulu za pulayimale ndipo yunifolomu idaleka kukhala yokakamiza. M'chaka chimodzi chokha chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chidali chisangalalo chachikulu kwa mabanja osauka. Koma "walira mvula walira matope." Makalasi adasefukira, ana ambiri ankaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo boma lidalemba aphunzitsi zikwizikwi amene anali asanapite kukoleji.

Padabukanso vuto lina losaoneka ndi maso. Makolo ambiri adamva mawu akuti "ulere" ngati akutanthauza kuti sukulu tsopano ndi ya boma lokha. Akaitanidwa kudzaumba njerwa, ena ankayankha kuti thangata idatha, poyerekeza ntchitoyo ndi ija ankagwira makolo awo mokakamizidwa m'minda ya azungu. Misonkhano ya makolo idazilala m'malo ambiri. Denga likasasuka ndi mphepo, anthu ankadikira boma.

Pang'onopang'ono mudzi udayamba kubwerera. Thumba la MASAF linkapereka simenti ndi malata pokhapokha anthu atasonkhanitsa njerwa ndi mchenga. Mu 2004 Unduna wa Maphunziro udatulutsa ndondomeko yolimbikitsa anthu a m'midzi kutenga mbali poyendetsa sukulu kudzera m'makomiti a sukulu ndi mabungwe a makolo ndi aphunzitsi. Bungwe la Mary's Meals lidayamba kudyetsa ana phala m'Malawi mu 2002, ndipo ophika ndi amayi a m'midzi yozungulira sukulu, amene amalawirira m'mamawa popanda malipiro. Magulu a amayi adayamba kulondola atsikana osiya sukulu, potsamira lamulo la mu 1993 lolola mtsikana kubwerera m'kalasi atabereka. Lamulo la maphunziro la mu 2013 lidati mwana aliyense ayenera kuphunzira pulayimale. Ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto idathetsa maukwati a ana ambirimbiri n'kuwabweza kusukulu. Chodabwitsa koposa n'chakuti m'madera ena a m'chigawo chapakati, Gule Wamkulu, amene kale ankalimbana ndi sukulu, watumidwapo ndi mafumu kuti azikusira ana ojomba kumakalasi.

Dongosolo la tsikulo

Aliyense wopenyetsetsa msonkhano wotsekulira sukulu adzaona kuti ndi bwalo lakale lija litangovala malaya atsopano. Tsiku limasankhidwa mogwirizana ndi mafumu, losakhala la msika, ndipo m'mudzi mukagwa maliro limasunthidwa. Uthenga wanzeru umaitana "makolo ndi olera ana," popeza ana ambiri amakhala ndi agogo, azakhali kapena amalume. Mafumu amakhala pamipando kutsogolo, amayi pamphasa mbali ina, abambo mbali ina.

Pemphero likatha, mafumu amapatsidwa ulemu motsata maudindo awo. Wapampando wa komiti amafotokoza ndalama zimene zidalowa ndi mmene zidagwirira ntchito. Gawo limeneli ndilo mtima wa msonkhano, chifukwa kumene ndalama zabisidwa, makolo sabweranso kachiwiri. Mphunzitsi wamkulu amaimiritsa aphunzitsi mmodzimmodzi kuti kholo lidziwe nkhope ya munthu amene lamusiyira mwana, kenaka amalengeza zotsatira za mayeso a Sitandade 8, zokoma ndi zowawa zomwe. Makolo amafunsa za mabuku, zimbudzi, madzi ndi aphunzitsi ochedwa. Aphunzitsi nawo amadandaula za ana otumidwa kumsika kapena kuganyu nthawi ya sukulu. Pomaliza ntchito imagawidwa mudzi ndi mudzi: awa njerwa, awa mchenga, awa nkhuni za phala. Ana amaimba ndi kuvina, mfumu yaikulu imatseka ndi mawu omangirira zonse.

Akuluakulu adati "m'mera m'poyamba," ndipo n'chifukwa chake msonkhanowu umayenera kuchitika m'masabata oyambirira, chaka chisanapite patali. Mbiri yaonetsa kuti sukulu yakhalapo m'manja mwa mishoni ndi m'manja mwa boma, koma idayenda bwino pokhapokha mudzi utaiyesa yakeyake. Adzukulu a lero ndiwo makolo a mawa. Chitsulo chija chikadzawalirira, adzakumbukire kuti agogo awo adadula mitengo ndi kumweta udzu wa kalasi yoyamba, podziwa kuti mutu umodzi susenza denga.