Nkhukundembo ndi Phwando la kwa Zulu

Munthu woyenda m'midzi ya kwa Inkosi Zulu, m'boma la Mchinji, apeza nkhuku pafupifupi pakhomo pali ponse. Apezanso mbuzi, nkhunda, abakha ndi nkhanga. Koma nkhukundembo ndi ya apo ndi apo, ndipo pamene tambala wake atambasula chipsepse ndi kulira, ana amamuunjirira ngati chinthu chachilendo. Dzina lake lomwe lionetsa kudabwa kwa anthu amene anayamba kuiona, pakuti m'Chiyao ndembo ndiyo njobvu. Iwo anati iyi ndi nkhuku yaikulu ngati njobvu.

Mbalame imeneyi inachokera kutsidya kwa nyanja yaikulu, ku America, kumene kunachokeranso chimanga, mtedza, chinangwa ndi fodya. Mbeu zimenezi zinakhazikika kotero kuti lero Mchinji atchuka nazo. Nkhukundembo yokha ikali mlendo. Mbiri yake ndiyo ilongosola chifukwa chake.

Kwao kwa nkhukundembo

Makedzana nkhukundembo inali mbalame ya kuthengo. Anthu a ku Mexico ndiwo anaigwira nayamba kuiweta, zaka zoposa 2,000 zapitazo. Anali kudya nyama ndi mazira ake, ndipo nthenga zake anali kukongoletsera zobvala.

M'chaka cha 1519 Hernán Cortés anafika m'dzikomo ndi asilikali a ku Spain, ndipo mu 1521 anagonjetsa Tenochtitlan, mzinda waukulu wa Aaziteki. M'misika ya kumeneko anthu a ku Spain anapeza nkhukundembo zambiri, ndipo zombo zao zinazitengera ku Ulaya. Kumeneko zinaswana msanga, kotero kuti pofika 1541 zinali zodziwika ndi ku England komwe.

Azungu anasokonezeka nalo dzina lake. Angerezi anali kuidziwa kale nkhanga ya ku Afirika, imene anali kuigula kwa amalonda oyenda m'maiko a ufumu wa Turkey. Ataona mbalame yatsopanoyi anaiyesa mtundu wa nkhanga, naipatsa dzina la dziko la Turkey. Apwitikizi anaitcha dzina la dziko la Peru, ndipo ku Mozambique aitchula motero kufikira lero. Motero nkhanga, imene makolo a m'dziko muno anali kuitchera misampha kuyambira kalekale, inagawana dzina ndi mbalame ya ku Mexico.

Ku England nkhukundembo inasanduka nyama ya Khrisimasi pang'onopang'ono. Alimi a ku Norfolk anali kuziyendetsa pansi masabata angapo kunka nazo ku msika wa London, monga momwe anthu akusira ng'ombe. Nthawi yaitali inali ndiwo ya anthu achuma okha, ndipo osauka anali kudya tsekwe kapena nyama ya ng'ombe. Mu 1843 Charles Dickens analemba buku lotchedwa A Christmas Carol, m'mene munthu woumira, atalapa, agulira banja la kalaliki wake nkhukundembo yaikulu. Ku America nako inali nyama ya tsiku la chiyamiko, limene Abraham Lincoln analilengeza mu 1863.

Phwando la Angoni

Kwa Zulu nyama ya phwando inali ina. Anthu a Inkosi Zulu ndi a Inkosi Mlonyeni ndi Angoni a Mpezeni. Makolo ao anaoloka Zambezi mu Novembala 1835, pa tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa, ndipo mtsogoleri wao anali Zwangendaba. Iye atamwalira mtundu unagawikana, ndipo Mpezeni, mwana wake, anadzakhala m'dziko limene lero lili mbali ziwiri za malire a Zambia ndi Malawi.

Chuma cha Mngoni chinali ng'ombe. Ng'ombe ndiyo inali kulowola mkazi, kulipira mlandu ndi kulirira maliro a munthu wamkulu. Phwando lalikulu la chaka linali Nc'wala, pamene mfumu inali kulawa zakumunda zoyamba, ndipo ng'ombe yamphongo yakuda inali kuphedwa ndi mkondo. Achewa amene Angoni anakhala pakati pao anali ndi mwambo wao wa kuphera mlendo nkhuku, ndi kumpatsa nthutumba kuti adziwe kuti nkhukuyo anaphera iye.

Mu Januwale 1898 nkhondo inabuka. Asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni, napha Nsingo mwana wa Mpezeni, nalanda ng'ombe zikwi zambiri. Nc'wala inaleka, ndipo inadzaukanso mu 1980 ku Mtenguleni. Boma la Fort Manning, limene lero ndi Mchinji, linayamba kulamulira dzikolo ndi kukhometsa msonkho. Amuna ambiri anapita kukafuna ndalama ku minda ya Azungu ya ku Fort Jameson, ku Southern Rhodesia ndi ku migodi ya ku Johannesburg.

Kufika kwa Khrisimasi

M'zaka zomwezo kunafika amishoni. A Dutch Reformed Church anamanga ku Magwero mu 1899, ndipo ansembe a White Fathers anamanga ku Kachebere mu 1903. Iwo anaphunzitsa anthu tsiku la kubadwa kwa Yesu, ndipo anthu analilandira nalisandutsa tsiku la chakudya chabwino ndi zobvala zatsopano.

Angerezi anadza ndi mwambo wao wa kuotcha nkhukundembo pa tsikulo. Akhukhi achikuda ogwira ntchito m'nyumba zao ndiwo anayamba kudziwa kaphikidwe kake. Anaphunzira kuithira buledi ndi anyezi m'mimba, kuimanga miyendo, ndi kuiotcha yathunthu mu uvuni wa nkhuni. Koma pobwerera kumudzi khukhi sanali kusenza uvuniyo. Pamudzi panali mafuwa atatu ndi mphika, ndipo nyama yolowa mu mphikamo bwino inali nkhuku.

Tsono Khrisimasi ya kumudzi inakhala ya nkhuku ndi mpunga. Mpungawo unali kuchokera kunyanja, makamaka ku Nkhotakota, kumene a Jumbe anakulitsa ulimi wake m'zaka za m'ma 1800. Popeza anthu a kumtunda anali kudya nsima masiku onse, mpunga unali chizindikiro cha tsiku lalikulu. Mabanja okhoza anali kusonkherana kupha mbuzi kapena nkhumba, nagawana nyama.

Chifukwa chake sinachuluke

Pali zifukwa zitatu zimene nkhukundembo inalepherera kutsata chimanga.

Choyamba ndi kubvuta kwa kuweta. Nkhuku ifungatira mazira masiku 21, koma nkhukundembo masiku 28. Anapiye ake ndi ofooka: akanyowa ndi mvula kapena mame amafa msanga, ndiponso afuna chakudya chabwino kuposa gaga yekha.

Chachiwiri ndi matenda. Pali nthenda ya chiwindi ndi matumbo imene nkhuku zambiri zimayenda nayo osafa, koma ikagwira nkhukundembo imazitha. Tizilombo take timabisala m'mazira a njoka za m'mimba mwa nkhuku, ndipo mazirawo amakhala m'dothi nthawi yaitali. Pamudzi pamene mbalame zonse zipalasa pabwalo limodzi nkobvuta kuzilekanitsa. Chitopa nacho chimabuka kawirikawiri m'nyengo yotentha, Khrisimasi ili pafupi.

Chachitatu ndi nyengo. Ku Ulaya Khrisimasi ifika m'chisanu, zokolola zili m'nkhokwe, ndipo nyama yotsala sibvunda msanga. Kwa Zulu ifika m'dzinja, anthu ali kupalira, nkhokwe zili kutsika, ndalama zapita ku feteleza, ndipo sukulu itsegulira mu Januwale. Tambala mmodzi wa nkhukundembo angalemere ngati nkhuku zinayi kapena zisanu, ndipo mtengo wake ndi wotero. Banja laling'ono silingammalize tsiku limodzi.

Kugula ndi kuphika

Ngakhale zili tero, alipo alimi amene amaziweta, ndipo pofika Disembala ogula a m'tauni amazifuna. Pamene abale a ku Lilongwe kapena ku Chipata abwera onse kumudzi, mbalame imodzi ikhoza kukwanira khomo lonse.

Wogula yamoyo ayenera kuyang'ana maso ngati ali owala, ndi mphuno ngati ili youma. Agwire chidale aone ngati chili ndi mnofu. Mbalame yogwetsa mapiko, yoodzera, kapena yonya zitosi zachikasu, aisiye ngakhale mtengo wake utsike. Akafika nayo kwao aisunge payokha, kuti ingapatsire nkhuku za pakhomo matenda a kumsika. Wogula youmitsidwa m'sitolo aisungunulire mu firiji, tsiku limodzi pa makilogalamu awiri ali onse. Kuisiya padzuwa kuti isungunuke msanga ndiko kuitana matenda a m'mimba.

Ngozi ya mbalame yaikulu ndi yakuti kunja kumapsa m'kati muli mwaiwisi. Wootcha mu uvuni awerengere pafupifupi mphindi 40 pa kilogalamu, ndipo polawira abaye ntchafu ndi mpeni. Msuzi ukatuluka wofiira, nyama sinapse. Amene ali ndi choyezera kutentha aonetsetse kuti m'kati mwafika madigiri 74.

Pa mafuwa njira yabwino ndi ya makolo. Nyama aidule nthulinthuli. Ntchafu ndi mapiko ayambe kuziphika, pakuti nzolimba, makamaka ngati mbalameyo ndi yokalamba. Chidale achiike pambuyo, chifukwa chilibe mafuta ambiri ndipo chimauma chikakhalitsa pamoto. Madzi akaphwera akazinge nyamayo, nathire anyezi ndi matimati. Yotsala aiwambe pamoto tsiku lomwelo, pakuti kutentha kwa Disembala sikulekerera nyama kugona mu mphika. Mpeni ndi mbale zimene zakhudza nyama yaiwisi zitsukidwe ndi sopo zisanakhudze chakudya china.

Motero nyama ya phwando kwa Zulu yasintha pamodzi ndi mbiri ya dziko. Ng'ombe inayenda ndi Angoni kuchokera kum'mwera, mpunga unakwera kuchokera kunyanja, ndipo nkhukundembo inaoloka nyanja ziwiri. Mwini khomo amene asankha nkhuku chifukwa cha kuchepa kwa m'thumba sanachepetse Khrisimasi, pakuti ndi Angerezi omwe anakhala zaka mazana ambiri osauka ao asanailawe nkhukundembo. Koma amene waigula akumbukire mwambo umene unalipo mbalameyi isanafike: nthutumba ipite kwa mlendo, ndipo mbale ina itumizidwe kwa mnansi amene pakhomo pake sipanafuke utsi wa nyama tsikulo.